Mphamvu za m'miyendo zisathe tikuona: uthenga kwa achikulire ndi owasamalira

Uthenga uno ndi wa inu amayi ndi abambo amene mwadutsa zaka 50, komanso inu ana ndi adzukulu amene muli ndi agogo pakhomo.

Limafika tsiku limene munthu amazindikira kuti sangadzukenso pamkeka osagwira khoma. Ena amazindikirira kuchimbudzi: kunjuta kwatheka, koma pofuna kudzuka mawondo akana. Ambirife timangoti "ndi ukalamba," basi nkhani yathera pomwepo. Ukalamba ulipodi, koma mbali yaikulu ya vutoli ndi kutha kwa minofu, ndipo minofu ikapatsidwa ntchito imalimbanso, ngakhale mwini wake ali ndi zaka 90.

Chimene chimachitika m'thupi

Munthu akadutsa zaka 30, minofu imayamba kuchepa mwakachetechete, ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo akadutsa zaka 60 imachepa mofulumirirapo. Kukafika poipa, madokotala amati sarcopenia, dzina limene Irwin Rosenberg wa ku America anaperekapo mu 1989. Thupi silisunga chinthu chimene mwini wake sakuchigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake matenda ogoneka munthu pansi amawononga kwambiri achikulire. Pa kafukufuku wina wa ku America amene anatuluka mu 2007, achikulire athanzi amene anagonekedwa pabedi masiku 10 okha anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Ganizirani za agogo amene agona masabata awiri ndi malungo kapena chibayo. Matendawo amachira, koma miyendo sibwerera yokha.

Miyendo ikafooka, chotsatira chake ndi kugwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa, ndipo amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewu, ambiri sayendanso ngati kale. Amayi ndiwo ali pangozi yaikulu, popeza akasiya kusamba mafupa awo amafooka msanga. Ntchito yonyamula ndi kukankha zolemera imalimbitsa minofu pamodzi ndi mafupawo.

Mu 1990, dokotala Maria Fiatarone ndi anzake anatulutsa zimene anapeza panyumba ina yosungirako okalamba ku Boston. Anatenga anthu 10 a zaka 86 mpaka 96, ofooka kale, n'kumawanyamulitsa zolemera ndi miyendo katatu pa sabata kwa masabata 8. Mwa anthu 9 amene anamaliza, mphamvu za m'ntchafu zinakwera ndi 174 peresenti tikawaphatikiza onse, kutanthauza kuti zinaposa kuwirikiza kawiri. Koma atasiya masewerawo, pa masabata anayi okha, gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zawo linali litapita. Phunziro lili pamenepa. Kuyamba kumatheka pa msinkhu uliwonse, chimene chimavuta ndi kupitiriza.

"Ife timalima, masewera n'ngachiyani?"

Funso limeneli ndi lomveka, ndipo khasu sindilinyoza. Wolima, wosinja, wotunga madzi ndi wowaza nkhuni amakhala ndi mphamvu kuposa mnzake wongokhala pampando muofesi. Koma ntchito ya kumunda ili ndi nyengo yake. Tikakolola, pamadutsa miyezi yambiri ya chilimwe thupi lisakulemedwa ndi kanthu. Komanso khasu limagwiritsa ntchito kwambiri msana ndi manja, pomwe mphamvu yodzukira pansi imakhala m'ntchafu ndi m'matako. Kwa inu amene munapuma pantchito m'tauni, kuyenda ulendo wa pansi m'mawa n'kwabwino kwa mtima, koma pakokha sikukwanira kusunga minofu.

Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu aliyense azilimbitsa minofu ikuluikulu ya thupi masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo amawonjezera kuti masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata pazikhala masewera ophatikiza mphamvu ndi kuphunzitsa thupi kusadzandira, pofuna kupewa kugwa.

Zochita zake, popanda jimu

Ngati mungasankhe chinthu chimodzi chokha, sankhani mpando. Tsamiritsani kukhoma mpando wolimba, khalani, pindani manja pachifuwa, dzukani mpaka kuwongoka, kenako khalaninso pang'onopang'ono, osadzigwetsera. Chitani maulendo 8 mpaka 12, pumani mphindi imodzi kapena ziwiri, mubwerezenso kawiri. Ngati simungathe kudzuka osagwira, yambani ndi manja pamawondo kapena ikani pilo pampando kuti utalike.

Manja ndi chifuwa zimalimba pokankha khoma: imani kataliko pang'ono, manja pakhoma, pindani zigongono mpaka nkhope iyandikire, kenako dzikankheni. Akatumba amalimba mukagwira mpando n'kumakweza zidendene, kuima ndi zala za kumapazi. Sitepe ya pakhonde ndi yokwerapo ndi kutsika. Kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma kumaphunzitsa thupi kusagwa.

Zonyamula muli nazo kale. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 5 chodzaza ndi makilogalamu 5. Ubwino wa chigubu ndi wakuti mumathira madzi malinga ndi mphamvu zanu. Mukhoza kuchikumbatira podzuka pampando, kuchikoka kuchokera pansi dzanja lina litagwira tebulo, kapena kuyenda nacho m'manja mozungulira bwalo. Muyezo wake ndi uwu: maulendo awiri omaliza azikhala ovutirapo koma otheka. Mukafika pochita maulendo 15 mukucheza, minofu yazolowera, onjezani madzi kapena pezani mpando wofupikirapo. Pakati pa masiku olimbitsa minofu pazikhala tsiku lopuma, chifukwa minofu imamangika pamene ikupuma. Zonsezi zimakwana mphindi 20 kapena 30.

Chimene chimagwetsa anthu mphwayi

Masabata oyamba amanamiza. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, ntchafu zimaphwanya ngati mwamenyedwa, ndipo munthu amaganiza kuti wadzivulaza. Kuphwanya kumeneku n'kwachibadwa, kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo kumachepa thupi likazolowera. Kenako munthu amadziyang'ana pagalasi osaona kusintha, n'kunena kuti sizikuthandiza. Chonsecho poyamba mphamvu zimabwera kudzera m'mitsempha: ubongo umaphunzira kulamula minofu imene ilipo kale. Kukula kwa mnofu weniweniwo kumabwera mochedwa.

Ndiye musadalire galasi, dalirani kope. Uzani mdzukulu atchere masekondi 30 pafoni, inu muwerenge maulendo amene mwadzuka pampando osagwira. Kuyeza kumeneku n'komwe achipatala m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito poona mphamvu za miyendo ya achikulire. Lembani nambalayo ndi deti lake, mubwereze pakatha mwezi. Munthu amene waona yekha kuti wachoka pa 7 kufika pa 11 safunanso womukakamiza.

Chachiwiri, khalani ndi chifukwa chanuchanu. Mawu akuti "thanzi labwino" sadzutsa munthu m'mawa wa June kukuzizira. Chimene chimadzutsa ndi chinthu chogwirika: ndikufuna kudzipitira ndekha kuchimbudzi mpaka tsiku langa lomaliza, ndikufuna kugwada ndi kudzuka popemphera kutchalitchi kapena kumzikiti, ndikufuna kukwera minibasi popanda kondakitala kundikoka dzanja, ndikufuna kubereka mdzukulu kumsana. Sankhani chimodzi, muchilembe pachikuto cha kope lija.

Musadikire tsiku limene mtima ufune, chifukwa masiku oterowo ndi ochepa. Mangirirani masewerawa ku chinthu chimene mumachita kale, monga pamene madzi osamba ali pamoto, kapena nkhani za m'mawa zikangotha pawailesi. Ofufuza a ku University College London anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ngakhale ena zimawatengera masiku ocheperapo, ena miyezi yambiri. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga kanthu. Miyezi iwiri yoyambayo ndiyo yofunika kulimba mtima.

Kuyenda awiri si mantha. Mnzanu akamadikira pakhonde pake, n'kovuta kugona. Magulu alipo kale: amayi a mvano, a banki m'khonde, abambo okumana pabawo. Mphindi 10 zodzuka ndi kukhala pabenchi msonkhano usanayambe n'zokwanira kuyambira. Gulu limachotsanso manyazi, amene ine ndimaona kuti ndi mdani wamkulu kuposa ulesi. Mayi wachikulire amaopa kuti anthu anena kuti wayamba chibwana. Akakhala asanu, onenawo amayamba kufunsa kuti kodi mawa mukumana nthawi yanji.

Tsopano nkhani imene ndikufuna kuikhalira pang'ono, ya kusiya ndi kuyambiranso. Mudzasiya ndithu. Kudzagwa maliro, mudzakhala kusiwa sabata yathunthu. Mudzapita kukadwazika matenda kuchipatala, kapena mudzadwala nokha. Dzinja lidzafika, ntchito ya kumunda n'kukutherani nthawi. Ambiri amathera pamenepa, osati chifukwa chakuti thupi lakana, koma chifukwa mumtima amati "ndaononga kale, palibenso phindu." Si zoona. Madzi saiwala khwawa: minofu imene inaphunzitsidwapo imabwerera msanga kuposa poyamba paja. Pobwerera, yambani ndi theka la zimene munkachita, muzikweza pa masabata awiri kapena atatu. Ndipo pa nyengo yotanganidwa musasiyiretu. Ngakhale kamodzi pa sabata kamasunga mbali yaikulu ya mphamvu zimene munapeza. Tsiku limene thupi lili lolemera, dzukani pampando maulendo 10 basi, mulembe m'kope kuti lero ndachita.

Kwa inu ana ndi adzukulu

Mwambo wathu wolandira katundu kwa akuluakulu ndi wabwino, usathe. Koma pali ulemu wina umene umafooketsa. "Khalani pansi agogo, tichita ndife," tsiku ndi tsiku, mpaka agogo sanyamulanso ngakhale kandowa ka madzi osamba. Mtolo wa nkhuni wolemera alandireni, koma kutsira ndiwo zamasamba kudimba, kusesa pabwalo ndi kupita kumsika asiyireni ngati akutha. Akamadzuka pampando, imani pafupi, dzanja lili chire, koma musawakoke asanapemphe. Ngati muli kutali, ku Johannesburg kapena ku Britain, poimba foni muzifunsanso kuti, "Amayi, mwezi uno mwafika pa maulendo angati?"

Onetsetsaninso mbale yawo. Minofu imamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndipo wachikulire amazifuna kwambiri kuti minofu yake imve. Nsima ndi masamba okha sizikwanira. Nyemba, nandolo, khobwe, soya, mtedza, usipa, matemba, mazira ndi mkaka zizipezeka pa chakudya chilichonse ngati n'kotheka, osati madzulo okha. Kwa amene mano anatha, pali chipere, phala lothira nsinjiro, chiponde ndi usipa wosinja. Amene ali ndi matenda a impso ayambe afunsa kuchipatala za kuchuluka kwake.

Chenjezo

Matenda a BP, shuga ndi nyamakazi sachititsa kuti munthu aleke masewerawa. Kwenikweni masewerawa amathandiza, popeza minofu ndiyo imatenga shuga wambiri m'magazi, ndipo ntchafu zolimba zimapeputsira bondo katundu. Komabe ngati muli ndi vuto la mtima, munadwalapo sitiroko, BP yanu sinatsike bwino, mwachitidwa opaleshoni posachedwa, kapena mwagwapo kangapo chaka chino, kambiranani ndi dokotala kapena namwino musanayambe.

Ponyamula musamagwire mpweya, chifukwa kutero kumakweza BP mwadzidzidzi. Tulutsani mpweya pamene mukudzuka kapena kukankha. Kuwerenga mokweza mawu kumathandiza. Amene mumabaya insulin kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga, musachite masewerawa ndi njala, ndipo pafupi pazikhala kanthu kotsekemera. Nthawi yotentha monga October, chitani m'mawa kapena madzulo, madzi akumwa ali pambali. Pansi pasakhale poterera, ndipo musavale mapatapata.

Kuphwanya kwa minofu n'kosiyana ndi ululu wobaya wa m'bondo, m'phewa kapena mumsana. Mukamva wobayawo, lekani masewera amene aubweretsawo, ndipo ukapitirira masiku angapo kapena pakatupa, kaonetseni kuchipatala. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, befu wosazolowereka, chizungulire, mtima kugunda mosalongosoka, kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, siyani nthawi yomweyo, ndipo wina akuperekezeni kuchipatala mwamsanga, osadikira kuti kuche.