Mlandu wa ku Islington ndi funso lakuti wisiki weniweni ndi uti

Mu February 2025, boma la Britain linalengeza pempho la bungwe la English Whisky Guild lakuti wisiki wa ku England akhale ndi dzina lotetezedwa ndi lamulo, monga alili wa ku Scotland. Bungwe la Scotch Whisky Association linaimika manja pa mfundo imodzi. Ku Scotland, mowa wolembedwa kuti single malt umayenera kuphikidwa, kusasitsidwa ndi kutchezedwa pamalo amodzi, pamene pempho la ku England linkalola kuti kuphika ndi kusasitsa kuchitikire kwina, bola kutchezako kukhale pamalo amodzi. Ena anati imeneyi ndi nsanje chabe ya pamalonda. Komabe mkangano wakuti kaya kapangidwe ndiko kamapatsa mowa dzina ndi wakale kwambiri, ndipo unafikapo kukhoti la ku London zaka zoposa 100 zapitazo.

Gwero lake lili pa njira ziwiri zotchezera. Yakale ndi ya mphika waukulu wamkuwa, ndipo aliyense amene anaonapo kachasu akutchezedwa angaimvetse msanga: mowa wosasa umawira mumphika, nthunzi imadutsa mumpope wozizitsidwa ndi madzi n'kuyamba kudontha, ndipo mphika ukatha amautsuka n'kuyambanso. Ku Scotland amagwiritsa ntchito chimera cha balele ndipo kawirikawiri amatcheza kawiri. Njirayi ndi yochedwa komanso yodula, koma imasiya mumowa tinthu tambiri tonunkhira. N'chifukwa chake wodziwa kulawa amayamba wanunkhiza, kenako n'kudonthezamo madzi pang'ono kuti fungo limasuke, ndipo amatha kusiyanitsa mowa wa pachilumba cha Islay, kumene chimera amachiumitsa ndi utsi wa dothi lakuda la m'madambo lotchedwa peat, ndi wa ku Speyside umene nthawi zambiri umamveka zipatso ndi uchi.

Njira yachiwiri inabwera ndi Aeneas Coffey wa ku Ireland, yemwe kale anali mkulu woyang'anira msonkho wa mowa m'dzikolo. Mu 1830 iye analembetsa makina a nsanja ziwiri zazitali otcheza usana ndi usiku osaima. Makinawa amalandira chimanga kapena tirigu, amatulutsa mowa waukali woposa 90 peresenti, wambiri ndi wotsika mtengo, koma fungo lake ndi lochepa zedi. Lamulo la 1860 litalola kusakaniza mowa usanalipiridwe msonkho, amalonda monga Andrew Usher wa ku Edinburgh anayamba kuthira mowa wa m'makina mu wa mumphika. Mu 1877 makampani asanu ndi imodzi otcheza ndi makina anagwirizana n'kupanga Distillers Company Limited. Nthawi yomweyo tizilombo ta phylloxera tinali kuwononga minda ya mphesa ku France, bulande anasowa, ndipo anthu a ku England anatembenukira ku wisiki wosakaniza, amene ankawakomera chifukwa sanali wolemera pakamwa.

Otcheza ndi miphika sanakhale chete. Makampani anayi akuluakulu a ku Dublin, omwe ndi John Jameson, William Jameson, John Power ndi George Roe, anafalitsa kabuku kumapeto kwa zaka za m'ma 1870 konena kuti mowa wa m'makina, kaya ndi wabwino kaya ndi woipa, si wisiki. Kudandaula kwawo kunali ndi maziko. Kampani ya abale awiri a Pattison ya ku Leith itagwa mu 1898, zinaululika kuti inkagulitsa mowa wa m'makina wothiramo wa chimera pang'ono n'kumautcha Glenlivet, dzina la wisiki wotchuka wa mumphika, ndipo abalewo anamangidwa mu 1901 pa milandu ya chinyengo.

Mu November 1905, khonsolo ya Islington kumpoto kwa London inasumira ogulitsa mowa awiri pogwiritsa ntchito lamulo la 1875 loona za malonda a zakudya ndi mankhwala. Mlandu wake unali wakuti wogula anapempha wisiki, pamalo ena wa ku Scotland ndipo pamalo ena wa ku Ireland, koma anapatsidwa chinthu chosiyana ndi chimene anapempha. Mabuku ambiri amati m'mowa umene unagulitsidwawo magawo 90 pa 100 alionse anali a m'makina. Ogulitsawo anali anthu wamba, koma aliyense ankadziwa kuti woimbidwa mlandu weniweni anali makampani a makina, ndipo Distillers Company Limited inaima kumbuyo kwawo. Akatswiri oyeza zinthu anabwera ndi manambala a tinthu tonunkhira tija, ena akuti ndito timapanga wisiki, ena akuti ndi zinyalala zodwalitsa mutu. Kumayambiriro kwa 1906, woweruza Fordham anagamula kuti mowa wa m'makina a Coffey si wisiki. Chindapusa chinali chaching'ono, mashilini 20 aliyense, koma ndalama zolipirira mlandu zinali mapaundi 100.

Chigamulochi chikanakhazikika, malonda onse a wisiki wosakaniza akanagwedezeka. Apilo inamvedwa ku Clerkenwell chaka chomwecho, koma oweruza anagawanika pakati ndi pakati. Distillers Company Limited inatengera nkhondoyi m'nyuzipepala, n'kumatsatsa mowa wake wa Cambus, wa m'makina wokhawokha, ponena kuti munthu sangadzuke nawo ndi matsire. Mbali zonse ziwiri zinapempha boma kuti lilowererepo, ndipo mu 1908 linakhazikitsa komiti yofufuza motsogozedwa ndi Lord James of Hereford. Komitiyo inakhala pansi maulendo 37 ndi kumva mboni 116. Lipoti lake la mu July 1909 linati wisiki ndi mowa wotchezedwa kuchokera ku mbewu zimene zasanduka shuga ndi mphamvu ya chimera, ndipo Scotch ndi mowa wotere wotchezedwa ku Scotland. Silinasankhe pakati pa mphika ndi makina, silinaike mlingo wa mowa wa chimera woyenera kupezeka mu wosakaniza, ndipo silinalamule zaka zoti mowa ugone mumgolo.

Pamenepa mpofunika kuwerenga mbiri mosamala. Zambiri zimene zinalembedwa pambuyo pake zinachokera kwa olemba oyandikana ndi makampani amene anapambana, ndipo amasonyeza otcheza ndi miphika ngati anthu okanirira zakale. Pali choonadi m'mawu awo: wisiki wosakaniza ndiye anafikitsa dzina la Scotland padziko lonse, ndipo malo ambiri otchezera a kumapiri anapulumuka chifukwa chogulitsa mowa wawo kwa osakanizawo. Olemba a ku Ireland nawonso amakokera kwawo akamati chigamulo cha 1909 ndicho chinapha malonda awo, chifukwa nkhondo yomenyera ufulu, kuletsedwa kwa mowa ku America kuyambira 1920 mpaka 1933, ndiponso mkangano wa zamalonda ndi Britain m'zaka za m'ma 1930 zinawapweteka kwambiri. Amene mawu ake samveka m'mabuku a mbali zonse ziwiri ndi wogula wamba, amene khonsolo inkamuimira. Iye sankatsutsa zosakaniza mowa, koma ankangoyenera kuuzidwa chimene chili m'tambula yake, ndipo komitiyo inayankha funso la makampani n'kusiya lake.

Zimene komitiyo inakana zinadzalowa pang'onopang'ono kudzera pakhomo lina. Mu 1915, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, nduna ya boma la Britain David Lloyd George, amene ankadana ndi uchidakwa pakati pa ogwira ntchito m'mafakitale a zida, anachititsa kuti pakhale lamulo lakuti mowa ugone mumgolo zaka ziwiri usanagulitsidwe, ndipo mu 1916 zinakhala zitatu. Cholinga chinali kuchepetsa kumwa, koma phindu linapita ku kakomedwe. Wisiki wa chimera chokha anabwereranso poyera kampani ya Glenfiddich itayamba kumugulitsa kunja kwa Scotland mu 1963. Malamulo a 2009 ndiwo anagawa Scotch m'magulu asanu, n'kulamula kuti single malt akhale wa madzi ndi chimera cha balele basi, wotchezedwa mumiphika pamalo amodzi, wogona zaka zosachepera zitatu m'migolo ya mtengo wa oak, ndipo ukali wake usatsike pa 40 peresenti. Mfundo ya otcheza ndi miphika inapeza malo m'lamulo patatha zaka 100 chigamulo cha 1909 chiperekedwere, ngakhale sinapatsidwe magulu onse. Koma botolo lolembedwa kuti Blended Scotch Whisky, lomwe pa magulu onse a Scotch ndilo limagulidwa kwambiri padziko lonse, mpaka lero silikakamizidwa kunena kuti mowa wa chimera ndi wochuluka bwanji mkati mwake.