Chinzonono cha pakhosi: kumene mankhwala amayambira kulephera

Munthu akamva za chinzonono amaganiza za mafinya kumaliseche ndi kuwawa pokodza. Koma tizilombo take, totchedwa Neisseria gonorrhoeae, timakhazikikanso pakhomo la chiberekero, m'njira ya chimbudzi, pakhosi, ngakhale m'maso. Tizilomboti tinasiya kale kumva mankhwala a penicillin, tetracycline ndi ciprofloxacin. Mankhwala amene madokotala ambiri akudalira lero ndi jakisoni wa ceftriaxone, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amafufuza mosalekeza ngati akugwirabe ntchito.

Kafukufuku ameneyu amafuna tizilombo tamoyo. Makina a PCR, oyezera matenda ku labotale, amangopeza DNA (malangizo a chibadwa) ya tizilombo, nkunena kuti matenda alipo, koma paokha sangayeze kuti tizilomboto tifa ndi mankhwala ochuluka bwanji. Ndiye amatenga madzi a pamalo odwalapo ndi kathonje, nkupaka pa kambale ka chakudya cha tizilombo, monga ka Thayer-Martin. Kambaleko amakasunga pa madigiri 35 mpaka 37, mumpweya wokhala ndi carbon dioxide wokwana 5 peresenti, kwa maola 24 mpaka 48. Tizilombo tikamera, amayeza mlingo wochepetsetsa wa mankhwala woletsa kuti tisachulukane, womwe amautcha MIC. Pa muyezo wa ku Ulaya, MIC ya ceftriaxone ikapitirira 0.125 mg pa lita, tizilomboto timawerengedwa kuti sitikumva mankhwala. Ntchito imawonongekera panjira kawirikawiri: kathonje kakauma, kakazizira, kapena kakachedwa kufika ku labotale, tizilombo tafa.

Vuto lalikulu lili pa kumene zoyezazo zimachokera. Zambiri zimatengedwa m'njira ya mkodzo ya amuna, poti iwo amabwera okha kuchipatala patangopita masiku ochepa, mafinya ali mbwee, tizilombo nkumera mosavuta. Pakhosi ndi nkhani ina. Munthu nthawi zambiri samva kanthu, tizilombo timakhala tochepa, ndipo tina ta m'kamwa timaphimba kambale. PCR imati matenda alipo, koma pambale sipamera kanthu. Choncho malipoti angaoneke abwino pamene malo oopsa kwambiri sanayezedwe n'komwe.

Pakhosi n'poopsa pa zifukwa ziwiri. Mankhwala ambiri safika mokwanira m'minofu ya kumeneko, moti jakisoni wochiza kumaliseche amatha kusiya tizilombo kummero. Komanso pakhosi pamakhala abale ake a tizilomboti, mitundu ina ya Neisseria yosadwalitsa, yomwe yakumana ndi mankhwala aliwonse amene munthu anamwapo pa chifuwa kapena dzino. Chinzonono chimatola tizidutswa ta DNA kwa abale amenewa, makamaka ta jini (kachigawo ka DNA) yotchedwa penA, nkusintha pamalo pomwe ceftriaxone amagwira. Mtundu wa tizilombo ta chinzonono wotchedwa H041, woyamba kudziwika kuti sukumva ceftriaxone kwambiri, unapezeka pakhosi pa mayi wina ku Kyoto, m'dziko la Japan, mu 2009. Mu 2018 ku England, bambo wina anachira kumaliseche koma pakhosi tizilombo tinatsala, mpaka anamupatsa mankhwala ena otchedwa ertapenem kwa masiku atatu.

Ndiye wachipatala afunse mosazungulira kuti kugonana kunachitika motani, ndipo ayeze malo aliwonse amene anakhudzidwa, ngakhale pasakuwawa. Funsoli limachititsa manyazi mbali zonse, koma kulilumpha n'kumene kumabisa matenda. Kathonje ka pambale katengedwe jakisoni asanabayidwe, kakhudze matonsi onse awiri ndi kumbuyo kwa mmero, ndipo pabotolo palembedwe malo enieni, kuti zotsatira za pakhosi zisasakanikirane ndi za kumaliseche. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America limalangiza kuti aliyense wa chinzonono cha pakhosi ayezedwenso pakatha masiku 7 mpaka 14. Kufulumira kuposa apo kumasokoneza, chifukwa PCR imapezabe DNA ya tizilombo tofa kale. Zikaonetsa kuti matenda akadalipo, atengenso kathonje ka pambale asanapereke mankhwala ena.