Bowa wa cordyceps sachiza khansa, ndatopa nako kubwereza

Sabata ino yokha anthu atatu andionetsa uthenga womwewomwewo pa foni, mmodzi ndi mlamu wanga weniweni. Uthengawo umati asayansi a ku yunivesite ya Nottingham ku England apeza kuti bowa wa cordyceps amaimitsa khansa, nde pansi pake pali chithunzi cha botolo la makapisozi ndi nambala yoti muyimbe, eti stoko yatsala pang'ono. Ine ntchito yanga ndi ya ku famase ya chipatala, mankhwala a kemo amadutsa m'manja mwangamu asanafike pa dilipi, nde anthu akamandifunsa zimenezi amayembekeza kuti ndingoti eya kapena ayi. Vuto lake nlakuti theka la uthengawo si bodza. Kafukufukuyo alipodi, anatuluka mu 2024, anatsogolera ndi mayi wina dzina lake Cornelia de Moor yemwe wakhala akufufuza kwa zaka zambiri mankhwala otchedwa cordycepin, opezeka mu bowayu. Bodza likuyambira pa botolopo kutsika m'munsi.

Kuti mumvetse chomwe anapeza, tiyambe ndi mmene selo imagwirira ntchito. Za DNA sindifotokoza, paja munaphunzira ku sekondale. Chomwe ambiri munaiwala nchakuti DNA situluka m'chipinda chake m'kati mwa selo. Selo ikafuna kupanga puloteni imakopera jini imodzi pa kakalata, kakalatako ndi kamene kamapita kokapangitsa puloteniyo. Kakalata kameneka ndiye mRNA. Ndipo chonde, amene mukangomva mRNA mumalumpha nkumati katemera wa Covid, pafupifupi selo iliyonse yamoyo imapanga mRNA, ya agogo anu inkapanga, ya nkhuku ili panjayo ikupanga pano.

Kakalatako sikatuluka kosamalizidwa. Kumapeto kwake kuli chizindikiro cha zilembo zisanu ndi chimodzi, AAUAAA, mapuloteni ena akachiona amadula patsogolo pake pang'ono kenako nkulumikizapo mchira wa chilembo A chokhachokha, A A A mpaka pafupifupi 200 kapena kuposerapo. Mchira umenewu uli ngati mpendero wa chitenje. Chitenje chosapenderedwa mukudziwa mmene chimasosokera mukangochichapa kawiri. mRNA yopanda mchira wabwino imavutika kutuluka m'chipinda muja, siwerengedwa bwino, ndipo selo imaiphwanya msanga. Olo yomwe ili ndi mchira, mchirawo umadyeka pang'onopang'ono, ukatha kalata yathanso ntchito.

Apa mpamene nkhani imakomera, ndipo ndi pamene ogulitsa makapisozi sawerenga nkomwe. Majini athu oposa theka ali ndi malo odulira angapo, osati amodzi. Selo ikhoza kudula pafupi kalata nkukhala yaifupi, kapena kudula patali nkukhala yaitali. Nthawi zambiri puloteni yotuluka imakhala yomweyo, chosiyana ndi kachigawo kotsalira kumapetoko, komwe sikapanga puloteni koma ndi komwe kuli mabuleki. Pamenepo mpamene pamamatira timaRNA ting'onoting'ono totchedwa microRNA, tomwe timauza selo kuti basi zakwana, chepetsa. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun analandira mphoto ya Nobel mu 2024 chifukwa chotulukira timeneti, ndipo anatipeza mu kanyongolotsi ka m'dothi, osati mwa munthu. Nde taganizani selo yadula kalata pafupi, chigawo cha mabuleki chatayidwa. Ndi njinga ya kabaza yodzaza matumba ikutsika Golomoti buleki atamasula.

Mu 2008 gulu lina la ku yunivesite ya MIT ku America linaona kuti maselo a chitetezo cha mthupi akayamba kuswana mofulumira amasankha makalata aafupiwa. Chaka chotsatira, 2009, Christine Mayr ndi David Bartel anaonetsa kuti maselo a khansa amachita zomwezo pa majini ambiri, ndipo kalata yaifupi inkatha kutulutsa puloteni yochuluka mwina kakhumi kuposa yaitali, jiniyo osasintha olo pang'ono pa gawo lopanga puloteni. Pali khansa ina ya m'maanabere yotchedwa mantle cell lymphoma, momwe jini ya cyclin D1, yomwe imakankha selo kuti igawikane, imakhala yoyatsidwa kale, nde odwala omwe kalata yawo ya cyclin D1 yadukanso kumapeto matenda awo amathamanga kwambiri ndipo sakhalitsa ngati anzawo.

Mwina mukuti zimenezo nza azungu. Ayi. Khansa ya khomo la chiberekero, yomwe Malawi ali m'gulu la mayiko omwe ikuvuta kwambiri padziko lonse, ili ndi mbali yomweyi. Kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsa khansa imeneyi, kali ndi majini awiri oopsa, E6 ndi E7, amene amagwetsa alonda a selo otchedwa p53 ndi Rb. Kachilomboka kakakhala pakokha, kalata ya E6 ndi E7 ili ndi kachigawo kumapeto kopangitsa kuti iwonongeke msanga. Koma DNA ya kachilombo ikadzilowetsa m'kati mwa DNA ya mayiyo, zomwe zimapezeka mu khansa zambiri za mtunduwu, mapeto aja amaduka, kalata nkubwereka mapeto a jini ya munthu, nde imakhalitsa, E6 ndi E7 nkuchuluka. Izi asayansi anazionetsa kale mu 1995 ku Wisconsin, ku America. Ndiye sayansi ya mapeto a mRNA si yachilendo kwa ife, ikuchitika m'matupi a amayi omwe ali pa mzere ku Queens kapena ku Central lero lino.

Tsopano cordycepin. Anamupeza mu 1950 mu bowa wofiirira ngati lalanje wotchedwa Cordyceps militaris, amene amamera pa mbozi. Maonekedwe ake ndi ofanana kwambiri ndi chilembo A chija, kungoti akusowa kachidutswa kamodzi, pamalo pomwe A wotsatira amayenera kukolekapo. Ngolo ya sitima yopanda chokolekera kumbuyo, mukailumikiza basi sitima yathera pomwepo. Selo imanyengeka, imamutenga ngati A weniweni, imamusandutsa cordycepin triphosphate, nkumuika pa mchira, mchira nkuima. Chomwe a ku Nottingham anaona nchakuti akathira mankhwalawa pa maselo osiyanasiyana m'labu, mauthenga ouza selo kuti ikule amazima. Mauthengawa amayenda mopatsirana ngati mmene uthenga wa maliro umayendera m'mudzi, kuchokera pa khoma la selo kudutsa mapuloteni otchedwa PI3K, AKT, mTOR, njira ina kudutsa MEK ndi ERK, ndipo mu khansa zambiri njira zimenezi zimakhala zoyaka usana ndi usiku popanda wozituma. Makalata ambiri okhudza kukula, ngati a jini ya MYC, sakhalitsa, mphindi makumi angapo basi atha, nde amadalira kuti atsopano azituluka mosalekeza, mukasokoneza kumalizitsa makalata iwowa ndi amene amayamba kumva kuwawa. Ndi ntchito yabwino, ine ndinasangalala nayo.

Koma abale, m'labu. M'mbale yapulasitiki. Olo Jik amapha maselo a khansa m'mbale, mumwa?

M'thupi mwanu muli enzayimu yotchedwa adenosine deaminase, ili m'magazi ili m'matumbo, ikangokumana ndi cordycepin imamuphwanya m'mphindi zochepa nkukhala chinthu china chofooka. Ndiye chifukwa chake kampani ya NuCana ya ku Edinburgh pamodzi ndi a ku Oxford anachita kupanga mtundu wina wovekedwa chotchinga, NUC-7738, kuti ufike m'selo usanaphwanyidwe, ndipo umenewo amaupereka kudzera mu mtsempha, mlingo woyezedwa, kwa odwala a mu kafukufuku, si mankhwala oti dokotala angakulembereni. Anthu ali ndi ma labu a mabiliyoni akuvutika kuti chinthuchi chifike pa chotupa, nde inu mukuti ufa wa mu kapisozi womwe wakhala padzuwa pa shelefu ukafika bwanji? Komanso bowa wodula uja wa ku mapiri a Tibet ndi Nepal, amene chithunzi chake amakonda kuika pa mabotolo, ndi mtundu wina, ndipo cordycepin mwa iyeyo ndi wochepa zedi. Ndikawafunsa ogulitsa kuti mu kapisozi imodzi muli mamiligalamu angati a cordycepin, amandiyankha za umboni wa mayi wina wa ku Lusaka yemwe anachira. Ndikafunsa pepala la PMRA, bungwe la boma lovomereza mankhwala, lonena kuti ndi mankhwala a khansa, amati awa si mankhwala ndi chakudya chowonjezera. Pogulitsa ndi mankhwala, pofunsidwa ndi chakudya.

Pali mayi mmodzi amene sachoka m'mutu mwanga. Anali wa zaka za m'ma 40, wa geni ya kaunjika, wolongosoka, woti akamalankhula umadziwa kuti ndalama zake amaziwerenga yekha. Anabwera chifukwa ankataya magazi akakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba, anamuyeza, anadula kanyama, zotsatira zinabwera kuti ndi khansa koma idakali pa khomo pomwepo, yoti opaleshoni ikanatheka. Tsiku analipatsidwa. Ine ndinakumana naye pa windo akutenga mankhwala owonjezera magazi, anandifunsa kuti achimwene, akachotsa chiberekero ndikhalabe mkazi? Ndinamuyankha mwachangu chifukwa mzere unali wautali, ndinati eya mayi musadandaule, wotsatira. Yankho limenelo ndimalikumbuka mpaka pano, mwina akanapeza munthu womukhalira pansi mphindi khumi sakanapita kukafuna yankho kwina.

Pa tsiku la opaleshoni sanabwere. Anadzabwera patatha miyezi isanu ndi itatu, atamunyamula, mwendo umodzi utatupa, mkodzo ukungotuluka wokha, fungo loti iye mwini ankapepesa aliyense wolowa. Mnzake wa ku mpingo ndi amene anamulowetsa mu gulu logulitsa zinthu zimenezi, anamuuza kuti mpeni umabalalitsa khansa, amwe kaye bowa miyezi itatu chotupa chiphwe. Magazi atachuluka anamuuza kuti ndi poizoni akutuluka, awonjezere mlingo. Botolo limodzi linkadula kuposa thumba la feteleza, ndipo ankamwa awiri pamwezi, mpamba wa geni unathera mmenemo. Chimene chimandipsetsa mtima nchakuti wogulitsayo sindikhulupirira kuti anali mfiti kapena wakuba wodziwa, nayenso anangolandira uthenga pa WhatsApp wonena za asayansi a ku England nkukhulupirira, ndipo anali ndi ngongole ya stoko yoti abweze.

Mpeni subalalitsa khansa, yomwe imabalalitsa ndi miyezi yomwe mwakhala kunyumba. Anthu amaona munthu wamwalira atachitidwa opaleshoni nkumati ndi mpeni, osadziwa kuti anafika mochedwa kale. Ngati mukutaya magazi mukagonana, kapena munasiya kusamba kalekale nde magazi ayambiranso, kapena kumaliseche kukutuluka zamadzimadzi zonunkha zosamva mankhwala, pitani sabata ino, osati mukakolola, osati abusa akabwera ku ulendo. Kuyezetsa khomo la chiberekero m'zipatala za boma nkwaulere, amapaka viniga nkuyang'ana, mphindi zochepa, ndipo akapeza zizindikiro zoyambirira malo ambiri amawotcha tsiku lomwelo. Amayi omwe muli pa ma ARV inu ndiye musamadumphe nkomwe chifukwa chiopsezo chanu nchokwera. Katemera wa HPV wa atsikana anayamba dziko lonse mu 2019, komabe ndimamvabe makolo ena akuti amatseka mimba, pomwe mwana yemweyo akumumwetsa zinthu zopanda dzina za m'botolo la Sobo. Abambo musaganize kuti nkhaniyi siikukukhudzani, nsima ikayamba kukakamira pakhosi mpaka mwayamba kusankha phala, imeneyo si nkhani ya bowa kapena ya mapemphero okha, khansa ya kummero kuno njochuluka.

Ndipo amene muli kale pa kemo nde mukumwa zowonjezera mobisa, tiuzeni. Sitikukalipirani, chabwino mwina pang'ono. Timafuna kudziwa chifukwa tikaona chiwindi kapena impso zasokonekera pa zotsatira za magazi timayamba kukayikira kemo, nkuchepetsa mlingo kapena kuimitsa kumene, pomwe cholakwa chili mu chikwama chanu. Bweretsani botololo pa windo tilione.

Mayi uja tinamuyambitsa mofini wakumwa, ndi chokhacho chomwe chinatsala choti ine ndingapereke. Mwana wake wamwamuna, wa Fomu 4, ndi amene ankabwera kudzatenga. Ulendo wina anatulutsa jumbo, mkati muli mabotolo asanu ndi anayi opanda kanthu ndi limodzi losatsegula, nkundifunsa kuti ankolo, ili latsalali azimwabe limodzi ndi mofini, kapena mwina pali pomwe ndingakabweze andipatseko ndalama ya thiransipoti.