Si katundu aliyense amalowa mu SEZ wopanda msonkho

Amalonda ambiri kuno ku Joni akamva za SEZ (dera lapadera la zamalonda ndi mafakitale) ya ku bwalo la ndege la OR Tambo amaganiza kuti ukangolowetsako katundu, msonkho watha. Sizili choncho. Madera amenewa amayendera lamulo la Special Economic Zones Act la 2014, koma nkhani ya kasitomu ili m'manja mwa SARS, bungwe lotolera misonkho la South Africa, pansi pa gawo 21A la Customs and Excise Act ya 1964.

Mkati mwa SEZ muli chigawo chotchingidwa chotchedwa CCA (Customs Controlled Area), choyang'aniridwa ndi akasitomu, ndipo kupeputsiridwa msonkho wa kasitomu ndi VAT kuli mmenemo basi. Kampani iyenera kulembetsa ku SARS kuti ikugwirira ntchito m'chigawocho. Katundu amalembedwabe pa fomu ya SAD 500, ajenti n'kutchulapo rebate item 498.01, nambala yosonyeza kuti katunduyo akupeputsiridwa msonkho. Akaiwala kapena kulakwitsa, amakulipiritsani ngati wina aliyense.

Choletsedwa m'dziko muno ncholetsedwanso mu CCA. Katundu wachinyengo wonamizira dzina la kampani ina amalandidwa. Wogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ndi makina kaya kaunjika, amafuna chilolezo cha ITAC (bungwe loyang'anira malonda ndi mayiko akunja) katunduyo asananyamuke komwe akuchokera; ambiri amakachipempha kontena itafika kale, ndalama yosungira ikukwera tsiku ndi tsiku. Ndipo kaunjika wogulitsa musamudalire, boma la kuno limamukaniza kwambiri. Mtedza kapena nyemba za ku Malawi zimafuna chiphaso chotsimikiza kuti zilibe matenda ndi tizilombo, kuphatikizapo chilolezo cha unduna wa zaulimi wa kuno. Mankhwala akuchipatala ndi nkhani ya SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala.

Pomwe anthu amapsa kwenikweni m'potuluka. Msonkho uja sunafafanizidwe, wangoimikidwa. Katundu akapita kunja kwa dziko, palibe cholipira. Akagulitsidwa muno, tinene ku Fordsburg, dera la malonda mu Joni, ngongole imadzuka. Tiyerekeze katundu wa R100,000 wa msonkho wa 20 peresenti: kasitomu ndi R20,000. VAT sawerengera pa R100,000 yokha. Amawonjezera 10 peresenti ndi msonkho uja, kukhala R130,000, n'kutengapo 15 peresenti, yomwe ndi R19,500. Zonse pamodzi R39,500, ndalama imene ambiri saiika pa mtengo wogulitsira.

Katundu wosowa m'nkhokwe popanda umboni wa komwe adapita, SARS imafunabe msonkho wake kwa mwini kampani. N'chifukwa chake kaundula wa zolowa ndi zotuluka azigwirizana ndi mafomu, ndipo mapepalawo asungidwe zaka zisanu.