Boa ikaluma: mantha kapena njala?

Anthu ofuna kuweta njoka ya boa sachedwa kundifunsa kuti, “Adokotala, kodi imaluma?” Imaluma ndithu. Ululu ilibe, koma mano ake ndi ang'onoang'ono, akuthwa, opindikira m'kati, moti bala lake limatuluka magazi ambiri ngakhale lisali lakuya. Chofunika kwa mwini njoka ndi kudziwa chimene yalumira. Kawirikawiri zifukwa zake ndi ziwiri, mantha ndi njala, ndipo chilichonse chili ndi njira yakeyake yothetsera.

Boa kwawo ndi ku Central America ndi South America, kuyambira ku Mexico mpaka ku Argentina. Ambiri amaisokoneza ndi nsato chifukwa zonse zimapha nyama poizenga ndi kuifinya, koma nsato imaikira mazira pamene boa imabereka ana amoyo, otalika pafupifupi theka la mita. Ikakula imafika mamita 2 mpaka 3, yaikazi imaposa yaimuna, ndipo ikasamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30. Oweta amati zochokera ku Colombia ndi zofatsa, za ku Central America zimafulumira kukwiya, ndipo za ku Argentina ndi zaphokoso. Muli choonadi m'mawu amenewa, koma ine sindiwadalira kwambiri, chifukwa ana a mimba imodzi amatha kusiyana mtima kutalitali. Kusiyana kodalirika kuli pakati pa njoka yobadwira m'khola ndi yogwidwa kutchire. Yakutchire imabwera ndi mantha, nthawi zambiri ndi njoka za m'mimba zomwe, ndipo ina sizolowera mpaka kufa. Malonda a njokazi pakati pa mayiko amayendera pangano la CITES loteteza nyama zakutchire kuti zisathe chifukwa cha malonda, choncho wogulitsa woona amakuonetsani mapepala.

Tiyambe ndi mantha, poti ndiwo amavutitsa ambiri. Kamwana ka boa kutchire ndi ndiwo ya mbalame zolusa ndi nyama zina, ndipo adani ambiri amakadzera kumwamba. Ndiye taganizani dzanja lanu likutsika kuchokera pachivundikiro cha khola. Kanjokako kamakokera mutu kumbuyo, khosi n'kupindika ngati chilembo cha S, thupi n'kuuma gwa. Kamatsegula kukamwa n'kutulutsa mpweya kuti fuuu, phokoso lomveka chipinda chonse. Mukapitiriza, kamakujomphani kamodzi n'kusiya pomwepo. Kuluma kwa mantha kumadziwika ndi zimenezi: imamenya n'kubwerera, chifukwa cholinga chake n'chakuti muchoke.

Apa ndi pamene eni ake ambiri amaiphunzitsa njoka zolakwika osadziwa. Yaluma, iwo adzidzimuka, aibwezera m'khola, atseka. Mawa chimodzimodzi. Njoka ija yaphunzira kuti kuluma kumathamangitsa dzanja, ndipo siidzasiya. Ena amaimenya pamutu kuti akuilanga, chonsecho akungoitsimikizira kuti dzanja ndi mdani. Chofunika ndi kupitiriza kuinyamula modekha mpaka thupi lifewe, lilime liyambenso kutuluka pang'onopang'ono, kenako n'kuibwezera. Ngati mukuopa, valani magolovesi masabata oyamba. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, dzanja lonjenjemera ndi limene limalumidwa.

Njoka yatsopano musaigwire msanga. Isiyeni sabata imodzi kapena ziwiri, idye kawiri popanda vuto, ndiye muyambe. Mphindi 5 mpaka 10 zakwana, kawiri kapena katatu pa sabata. Idzereni cham'mbali, lowetsani dzanja pansi pa thupi chapakati, dzanja lina lichirikize mbali yotsala. Musaigwire pakhosi kapena kuikoka mchira, ndipo musaipanikize. Ilekeni iziyenda kuchoka m'dzanja ili kupita m'linalo. Boa imakonda kukwera, makamaka ikadali yaing'ono, ndiye ikamva kuti ili pamalo olimba oti singagwe, imakhazikika. Zambiri zimasiya ukali zikamakula, poti zoti ziope zimachepa.

Kuluma kwa njala ndi kwina. Sipakhala chenjezo la phokoso. Njoka imakhala tcheru, mutu uli m'mwamba, lilime likutuluka mofulumira, ndipo ikaluma siisiya: imagwira n'kuyamba kuzenga. Imeneyi siinakwiye, yalakwitsa chabe. Boa imadalira kwambiri fungo. Lilime lake limatola fungolo n'kulipereka ku kachiwalo ka Jacobson kamene kali kumwamba m'kamwa. Dzanja lotentha, loyenda, lonunkha khoswe, kwa iyo ndi khoswe basi. Njoka imene khola lake limatsegulidwa pa tsiku la chakudya lokha imafika poganiza kuti chitseko chikangoti kwee, chakudya chafika.

Izi n'zosavuta kukonza. Sambani m'manja ndi sopo musanaigwire, makamaka ngati mwakhudza khoswe, kalulu kapena mbalame. Sambaninso mukamaliza, chifukwa njoka zathanzi zomwe zimanyamula mabakiteriya a Salmonella, amene amadwalitsa anthu. Chakudya muzipereka ndi chopanira chachitali, ndipo chikhale chakufa kale. Khoswe wamoyo amaluma njoka, ndipo mabala ake ndi ovuta kupola. Tsiku limene si la chakudya, yambani mwaikhudza pang'ono pathupi ndi ndodo ya ngowe. Mukamachita zimenezi nthawi zonse, ndipo osachita pa tsiku lodyetsa, imazindikira kuti ngowe ikabwera kulibe chodya. Mudzaiona ikutsitsa mutu yokha.

Ikakugwirani n'kukana kusiya, musakoke dzanja. Mano opindika aja amang'amba khungu, ena amathyokera m'bala. Ithireni madzi ozizira pamutu, ndipo poimasula yambirani kumchira, osati kumutu.

Mphamvu ya boa yaikulu si yoseweretsa. Kale anthu ankati imapha potsekereza mpweya. Mu 2015 Scott Boback ndi anzake a ku Dickinson College ku America anaonetsa kuti kufinya kwake kumaimitsa kayendedwe ka magazi, ndipo nyama imakomoka mofulumira kwambiri. N'chifukwa chake ndimadana ndi zithunzi zija za anthu atakoloweka boa m'khosi. Njokayo siifunika kukhala yolusa kuti ikuvulazeni. Ikangoona ngati ikugwa imagwiritsa, ndipo m'khosi ndi mmene mumadutsa mitsempha yopita ku ubongo. Boa ikaposa mamita 2 muziigwira pali munthu wina wamkulu pafupi, ndipo mwana asasiyidwe nayo yekha ngakhale yofatsa bwanji.

Pali masiku ena oti njoka isagwiridwe n'komwe. Ikadya, dikirani maola 48 kapena kuposerapo, apo ayi imasanza, ndipo kusanza kumaifooketsa kwambiri. Ikatsala pang'ono kufundula, khungu limachita mbuu, maso amachita chifunga chobiriwira, siiona bwino, ndipo ngakhale yofatsa imatha kujompha.

Ena amakhumudwa ndikawauza kuti boa yawo siiwakonda monga amachitira galu. Ikamazenga mkono wanu ikufuna pogwira ndi kutentha. Chimene imaphunzira ndi chakuti fungo ili ndi kagwiridwe aka sizibweretsa zoopsa, ndipo kwa nyama yokhala yokha moyo wake wonse, zimenezo si zochepa.

Njoka yofatsa ikasintha mwadzidzidzi, musathamangire kunena kuti yachita nkhanza. Yambani mwayang'ana khola. Mbali yotentha ikhale pa madigiri 30 mpaka 32, yozizira chapakati pa 25 ndi 27, chinyezi cha mumpweya chikhale pa 60 mpaka 70 peresenti, ndipo pakhale pobisala mbali zonse ziwiri. Boa yosowa pobisala imakhala yamantha usana ndi usiku. Kenako iyang'aneni thupi. Timadontho takuda toyenda mozungulira maso ndi pansi pa chibwano ndi tizilombo toyamwa magazi, ndipo njoka yovutika nato imakhalitsa m'mbale ya madzi. Kukamwa kotupa kapena kupuma kolira ndi nkhani ya dokotala wa ziweto. Kufatsa kopitirira nakonso kumandidetsa nkhawa. Boa yongoti lobodo m'manja, yosagwira ndi mchira, lilime losatuluka, nthawi zambiri yazizidwa kapena ikudwala. Ikamasanza pafupipafupi, kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, kapena kulephera kudzitembenuza mukaigoneka chagada, timaganizira matenda a inclusion body disease, oyamba ndi kachilombo ka gulu la arenavirus. Matendawa alibe mankhwala ndipo amafalikira kwa njoka zina, choncho yotereyi ipatuleni pomwepo, ikhale ndi ziwiya zakezake, mupite nayo kukayezetsa.