Closing Disclosure: mafunso amene anthu ogula nyumba pa ngongole ku America amafunsa

Amalawi anzathu amene ali ku America ndipo afika poti agule nyumba pa ngongole amakumana ndi chipepala ichi kumapeto kwenikweni, nthawi yoti mutu wazungulira kale ndi ma fomu, ndiye ambiri amangosaina osawerenga. Koma lamulo linapereka masiku owerengera dala, ndipo banki ikawaphwanya ndi iyo yolakwa.

Kodi Closing Disclosure ndi chani?

Ndi fomu ya masamba 5 yomwe wobwereketsa ndalama amayenera kukupatsani musanasaine ngongole ya nyumba. Mumakhala chiwongoladzanja, ndalama zobweza pamwezi, ma fizi onse, komanso ndalama yomwe mubwere nayo tsiku losainalo. Inayamba pa 3 October 2015 pansi pa malamulo omwe anthu a ntchitoyi amangowatcha TRID, ochokera ku CFPB, bungwe la boma la America loteteza anthu pa nkhani za ngongole ndi mabanki, atalumikiza malamulo awiri akale, TILA la 1968 ndi RESPA la 1974. Kale kunali fomu yotchedwa HUD-1 ndi pepala lina la TILA, anthu ankasokonezeka nazo kwambiri.

Nanga Loan Estimate ija ndinalandira poyamba?

Imeneyo, fomu yoyerekeza chiwongoladzanja ndi ma fizi a ngongoleyo, musataye chonde. Ili ndi masamba 3 ndipo banki imayenera kuitumiza pasanathe masiku 3 a ntchito mutawapatsa zinthu 6: dzina, ndalama zomwe mumapeza, Social Security number, adilesi ya nyumbayo, mtengo wake woyerekeza ndi ngongole yomwe mukufuna. Ntchito yake yaikulu ndi yoti muiyike pambali pa Closing Disclosure nkumaona mzere ndi mzere kuti chakwera ndi chiti.

Masiku owerengera Closing Disclosure aja amawerengedwa bwanji?

Apa mpamene pamavuta. Fomuyi ikhale m'manja mwanu masiku 3 musanasaine, ndipo powerenga Loweruka limalowa nawo, osalowa ndi Lamulungu ndi maholide a boma la federal basi, monga Thanksgiving, 4 July kapena Juneteenth yomwe anaiwonjezera mu 2021. Mukalandira Lolemba mukhoza kusaina Lachinayi, mukalandira Lachinayi ndiye Lachisanu, Loweruka, kudumpha Lamulungu, musaina Lolemba. Akatumiza pa positi lamulo limati mwalandira patatha masiku enanso 3 pokhapokha banki ili ndi umboni kuti munalandira msanga, nchifukwa chake amakuvutitsani ndi mafoni kuti mutsegule imelo ndi kudina kuti mwaiona, si kuti amakukondani ayi, akufuna wotchi iyambe kuyenda.

Akasintha kanthu, masiku aja amayambiranso?

Osati pa chilichonse. Ndi zinthu zitatu zokha: APR, yomwe ndi mtengo wa ngongole pa chaka kuphatikiza chiwongoladzanja ndi ma fizi ena, ikasintha kupitirira malire, omwe pa ngongole wamba ndi 0.125 peresenti, mtundu wa ngongole ukasintha, mwachitsanzo yachiwongoladzanja chokhazikika nkukhala yosinthasintha, kapena akawonjezera chindapusa cha munthu wobweza ngongole msanga. Zina zonse, kaya dzina analemba molakwika kaya wogulitsa wavomera kulipira zokonza denga, amangokupatsani fomu yokonzedwa nkusaina tsiku lomwelo.

Ma fizi akwera poyerekeza ndi Loan Estimate, ndi zololedwa?

Zimatengera fizi yake. Ya banki eni ake, ya broker (mkhalapakati wokupezerani ngongole), msonkho wosinthira umwini wa nyumba, komanso ntchito zomwe sanakuloleni kusankha nokha woigwira monga appraisal, ntchito yoyeza mtengo wa nyumba, izi siziyenera kukwera ngakhale ndi dola imodzi. Gulu lachiwiri ndi fizi yolembetsera nyumba ku county ndi ntchito zomwe munasankha munthu pa mndandanda womwe banki inakupatsani, izi zonse pamodzi zisakwere kupitirira 10 peresenti, tikuti zonse pamodzi, chimodzi chikhoza kukwera kwambiri bola chiwerengero chonse chisadutse. Ndiye pali zopanda malire monga inshulansi ya nyumba, chiwongoladzanja cholipiriratu, ndalama za mu escrow (akaunti yosungiramo za msonkho ndi inshulansi ya nyumba), ndi kampani yomwe mwaipeza nokha kunja kwa mndandanda uja.

Banki ili ndi pothawira, ndiko kunena kuti zinthu zinasintha, mwina appraisal yatsika kapena inuyo mwapempha zina, koma imayenera kukupatsani fomu yokonzedwa pasanathe masiku 3 a ntchito itadziwa. Ikangokweza mwakachetechete, ndalama yopitirirayo ibweze pasanathe masiku 60 mutasaina. Ineyo ndimaona kuti gawo limeneli ndi lomwe lili ndi mano pa lamulo lonseli, koma ndi ochepa amafunsa.

Ndili pa changu, ndingakane kudikira?

Nzovuta. Pamafunika vuto lenileni la ndalama ladzidzidzi, chitsanzo chomwe a CFPB amapereka ndi nyumba yomwe yatsala pang'ono kugulitsidwa chifukwa cha ngongole, ndipo mulembe kalata nokha yofotokoza vutolo, ya deti, onse obwereka asaine. Fomu yosindikiziratu ndi yoletsedwa. Zoti lendi yatha kapena galimoto ya katundu mwaibuka kale, mabanki ambiri sangakumvereni.

Ngongole zonse zimatsata lamuloli?

Ayi. HELOC (ngongole yotapa pang'onopang'ono pogwiritsa nyumba yanu ngati chikole), reverse mortgage (ngongole ya okalamba yomwe sabweza pamwezi) ndi ngongole ya mobile home (nyumba yosamutsika) yopanda malo zili ndi mapepala ena. Ogula ndi kashi salandira Closing Disclosure. Pa refinance, kutenga ngongole yatsopano m'malo mwa yakale, ya nyumba yomwe mukukhalamo imakhalapo, ndipo nthawi zambiri mumakhalanso ndi masiku 3 ena mutasaina oti mukhoza kusintha maganizo, zomwe pogula nyumba kulibe.

Ndaona cholakwika, ndipite kuti?

Yambani ndi loan officer wanu, wa ku banki amene akuyendetsa ngongole yanu, pa imelo osati pafoni kuti pakhale umboni, mutchule tsamba ndi mzere wake. Banki imayenera kusunga Closing Disclosure kwa zaka 5 ndiye singanene kuti inasowa. Akakuzungulitsani, CFPB imalandira madandaulo pa intaneti, komanso state iliyonse ili ndi ofesi yoyang'anira obwereketsa.