Tambala ku Dedza, nyali ku Ntcheu

Ukamachoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu pa msewu wa M1, sudziwa msanga kuti walowa boma lina. Mbatata yakachewere ndi yomweyo, kabichi ndi yemweyo, ndipo pamsika wa Lizulu munthu amangowoloka phula n'kukagula tomato ku Mozambique. Angoni a kwa Gomani ndi a kwa Kachindamoto onse ndi a Maseko. Koma pa 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu, Dedza idavotera tambala wakuda kuti chipani chikhalebe chimodzi, pamene Ntcheu idasankha nyali ya matipate, kusiyana ndi anzake a m'chigawo chapakati.

Adawagawa anthuwa ndi Kamuzu, malinga ndi komwe dzanja lake lidadyetsa ndi komwe lidamenya. Ku Dedza kudali John Tembo, malume a Mama Cecilia Kadzamira, amene adakhala pafupi ndi Ngwazi mpaka ulamuliro udatha mu 1994. Ntcheu nayo idali ndi ake. Albert Muwalo Nqumayo adali mlembi wamkulu wa MCP, Focus Gwede akutsogolera apolisi a Special Branch. Tisawayeretse ayi, ambiri adakaona ndende ya Mikuyu chifukwa cha awiriwa. Koma mu 1976 adamangidwa pa mlandu woukira boma, ndipo mu 1977 Muwalo adanyongedwa. Kuchokera pamenepo wa ku Ntcheu ankati akaona tambala amakumbukira chingwe. N'chifukwa chake mu 1994 voti yake idapita kwa Bakili Muluzi, Dedza ili nganganga pambuyo pa Kongeresi.

Chilondacho chidaoneka ngati chapola mu 2020. Khoti litafafaniza chisankho cha tipeksi pa 3 Febuluwale, Lazarus Chakwera wa MCP adagwirana manja ndi Saulos Chilima, mwana wa kwa Nsipe, ndipo pa 23 Juni maboma awiriwa adavotera munthu mmodzi. Kunena zoona, udali mgwirizano wa atsogoleri awiri basi, kumidzi sudazike mizu.

Pa 10 Juni 2024 ndege yomwe adakwera Chilima idagwa ku Chikangawa, anthu onse asanu ndi anayi n'kufera pomwepo. Malipoti asadatuluke n'komwe, aliyense adali ataweruza kale mlandu potengera chipani chake. Pa 16 Juni thupi likupita kumudzi, anthu okwiya adatseka msewu womwewu ndi miyala, kugenda galimoto, ena akufuna aone nkhope ya malemu. M'chipwirikiticho galimoto ina idawomba anthu ku Ntcheu, ndipo anayi adamwalira. Mawa lake Chilima adaikidwa kwa Nsipe. Mwezi wotsatira UTM, chipani cha Chilima, idatuluka mu Tonse, mgwirizano wake ndi MCP uja.